Tsiku Limene Ndinaikira Umboni Pikapu ya Ababa

Ndikukumbukira kuti pamene ndinali ndi zaka khumi ndi zitatu zikhadabo zanga sizinkayera. Ndinkazikwecha ndi sopo, ndi phulusa, nthawi zina ndi mchenga wa kumtsinje, koma oyilo wakuda ankakakamirabe m'mphepete, moti Lamulungu m'kwaya ndinkaimba manja ali kumbuyo ngati wamangidwa. Atsikana anzanga a ku Nsipe ankandiseka kuti mwamuna amene adzandikwatire azidzadya ndiwo zonunkha petulo. Ine sindinkadandaula. Zikhadabozo ndinkazinyadira kuposa mmene iwo ankanyadirira ndolo zawo, chifukwa zinkasonyeza kuti bambo anga, aGama, sankagwira sipanala popanda ine pafupi.

Ababa anali ndi pikapu yakale, yoyera mwa dzina lokha, imene ankanyamulira anthu kachewere ndi kabichi kuchokera ku Lizulu kupita ku boma ku Ntcheu, nthawi zina mpaka ku Balaka. Galimotoyo ankaikonza okha pakhomo. Ankati kugalaja ndi kwa anthu amene ndalama zikuwayabwa m'thumba. Anapitako kamodzi kokha ine ndili wamng'ono, amakanika n'kuwasinthira zitsulo zimene sizinawonongeke n'komwe, ndipo chiyambire tsikulo analumbira kuti phazi lawo silidzapondakonso. Anakumba dzenje kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wa mango, loti azilowamo poona kunsi kwa galimoto. Nthambi yaikulu ya mtengowo inali ndi chipsera cha tcheni chimene ankakwezera injini. Zitsulo ankagula zakale pamsika, n'kumazitsuka ndi petulo m'beseni la amayi lochapira, ndipo nkhani ya beseni limenelo amayi sanaiiwale mpaka ukalamba wawo.

Kwathu tinabadwa atsikana okhaokha, ine woyamba. Poyamba ababa ankangondituma kuti ndiwapatsire ichi, ndiwagwirire icho, koma posakhalitsa anazindikira kuti dzanja langa limalowa m'malo amene lawo linkakanika. Anayamba kundiphunzitsa. Ndinadziwa kupukuta mapulagi ndi kuona mtundu wa mwaye wake, kumanga lamba wa fani, kusintha oyilo, ndi kumata chubu. Pokonza mabuleki ine ndinkakhala pampando n'kumapopa, iwo ali m'dzenje akundiuza nthawi yopopa ndi nthawi yogwira, ndipo ankati ntchito imeneyi siyenda ngati wam'mwamba ndi wapansi sakukhulupirirana. Koma udindo wanga weniweni unali kamuvi kaja koonetsa kutentha kwa injini. Pikapuyo inali ndi chizolowezi chotentha pazitunda, ndiye tikakhala paulendo maso anga ankakhala pakamuviko. Kakayandikira pofiira ndinkanena, ababa n'kuima, tidikire kuti izizire, kenaka tithire madzi.

Kukonza tokha kunkatipindulira, ndipo izi sindingazikane ngakhale lero. Anzawo a ababa magalimoto awo ankagona kugalaja masabata, eni ake akuyenda wapansi kufunafuna zolipirira, pamene yathu inkagona tsiku limodzi pansi pa mango, mawa lake ili pamsewu. Malata a nyumba yathu anachokera pamenepo, ndi nsapato zathu za kusukulu zomwe. Ababa anali munthu wa pakamwa pokoma, woseketsa, woti atha kukugulitsa chipewa chako chomwe iwe n'kuthokoza. Anthu ankawakonda koma ankawamvera ndi khutu limodzi. Ine ndinkawamvera ndi onse awiri. Akamandiitana kuti "amakanika anga" pamaso pa anthu, ndinkamva ngati ndatalika.

Munthu wina amene ndinkamukonda chimodzimodzi anali amalume anga, aBinoni, mlongo wawo wa amayi. Ankakhala kuchigwa, cha ku Kasinje, kumene ankalima mpunga wothirira. Anali munthu wamtali, wosalankhulalankhula, woti akamaseka ankangogwedeza mapewa. Iwo ndi amene anali mwinimbumba wathu, ndipo ankandiitana kuti mwana wanga, osati mwana wa mlongo wanga ayi. Tchuthi chilichonse ndinkapita kwawo. Anali ndi ng'ombe ziwiri zapangolo, Bantomu ndi Jamani, zimene anazilera kuyambira zili ana. Ndi zimene zinkawalimira, kuwatutira mpunga, ndi kuwapezera ganyu kwa alimi anzawo. Madzulo ankazikanda pamphumi akuziyankhula pang'onopang'ono, ndipo azakhali, akazi awo, ankati mawu amene amalume ankawamana anthu ankathera kukhola.

Chaka chimenecho ndinali nditangotha msinkhu, ndiye sabata yoyamba ya tchuthi chapakati pa chaka ndinapita ku chilangizo cha kumpingo pamodzi ndi atsikana anzanga. Tinkagona komweko. Alangizi anatiuza zambiri za ulemu, za ukhondo, ndi za kuopa bodza, ndipo mmodzi anandiyang'ana zikhadabo n'kunena kuti namwali sagonagona pansi pa galimoto. Ndinangoweramitsa mutu, mumtima ndikuwerengera tsiku lobwerera kudzenje lathu.

Nditafika kunyumba ndinapeza pikapu yatsukidwa mpaka matayala, chinthu chimene sichinkachitika ngakhale pa Khirisimasi. Ababa anandiuza kuti akufuna kuigulitsa kuti agule yokulirapo, ndipo amalume ndi amene aonetsa chidwi. Mpunga unali utachita bwino kuchigwa, koma alimi ankadyeredwa ndi ogula obwera komweko, ndiye amalume anaganiza zoti akhale ndi galimoto yomakagulitsira ku boma, ya iwo ndi ya anzawo. Kuyendetsa ankadziwa, poti ali mnyamata anagwirapo thirakitala pa esiteti ina. Nkhaniyi inandisangalatsa. Pikapu yathu sinkapita kwa mlendo, ndipo ndikanamaionabe tchuthi chilichonse.

Madzulo ake tinaiyendetsa pang'ono, kukafika pamsika wa Nsipe ndi kubwerera. Mwachizolowezi maso anga anapita pakamuvi, ndipo ndinaona kuti kangogona pansi osasuntha. Ndinafunsa kuti bwanji sikakukwera ngakhale pang'ono. Ababa anayankha akumwetulira kuti ine kulibe anatsuka radiyeta yonse, anasintha mapaipi a madzi, ndipo nthenda yotentha ija aithetsa. Anati tsopano injini ikuzizira ngati madzi a mumtsuko. Ndinangodandaula kuti ntchito yaikulu chonchi aigwira popanda ine. Kukayika sindinakayike, chifukwa chilichonse chimene ndinkadziwa chokhudza galimoto chinachokera pakamwa pomwepo.

Amalume anafika m'mawa wa Loweruka, atavala jekete lawo la kutchalitchi. Atamwa tiyi anaizungulira pikapu ija kangapo, akugogoda matayala ndi nsapato monga amachitira anthu amene sakudziwa choyang'ana. Ababa anatsegula boneti, analiza injini, anayamikira ichi ndi icho. Amalume ankangomvetsera. Mlamu wawo ankamudziwa bwino, ndipo ababa anaona kuti mawu awo sakulowa.

"Alamu, ine ndikakuuzani kuti ndi yabwino muziti ndikufuna malonda," anatero ababa akuseka. "Funsani mwana wanuyu. Galimotoyi amaidziwa kuposa ine, ndipo inu mukudziwa kuti Linesi bodza alibe nalo luso."

Atatero analowa m'nyumba ngati akukatenga kanthu, n'kutisiya awiri pansi pa mango. Amalume anakhala pachitsa, n'kundiuza kuti ndikhale pafupi.

"Mwana wanga, ng'ombe zija ndagulitsa zonse ziwiri," anatero motsitsa mawu. "Ine za injini sindizidziwa. Ukandiuza kuti ndisagule, ndibwerera, ndikagula ng'ombe zina, ndipo bambo ako sadzadziwa kuti wanena ndiwe. Galimotoyi ilibe nthenda yobisika?"

"Ilibe, malume," ndinayankha. "Mabuleki tinakonza limodzi, kilachi ndi ya chaka chatha. Kale inkatentha pachitunda, koma tsopano kamuvi sikakwera n'komwe. Ndadzionera ndekha."

Ndinanena mawu amenewo mutu uli m'mwamba, ndikunyadira kuti munthu wamkulu ngati amalume akudalira ine pa nkhani yaikulu chomwechi. Iwo anandiyang'ana kanthawi, anagwedeza mutu, n'kuitana mlamu wawo. Malonda anatha dzuwa lisanafike pamutu. Amayi anapha nkhuku, ndipo titadya ine ndinalongedza kathumba kanga kuti ndipite nawo kuchigwa masiku otsala a tchuthi. Ababa anayesa kunena kuti nditsale ndizithandiza amayi, koma amalume anati amakanika ayenera kuperekeza galimoto yawo, ndipo onse anaseka.

Ulendo wopita unali wotsetsereka, galimoto ilibe katundu, ndiye tinafika bwinobwino. Ana a m'mudzi anatithamangira, azakhali analulutira, ndipo alimi anzawo a amalume anabwera kudzaigwira ndi manja. Khola linali chitsegukire, goli litatsamira pampanda. Ndinaona kuti amalume akamadutsa pamenepo ankayang'ana kumbali. Masiku otsatira pikapu inkangoyenda mitunda yaifupi, kututa matumba kuchokera m'makomo a anthu. M'mawa uliwonse ndinkapeza madzi atatsikako mu radiyeta, koma ndinkati ndi kutentha kwa kuchigwa, n'kuwonjezera ena.

Tsiku la ulendo woyamba wa ku boma tinanyamuka kutacha, titadzaza mpunga wa amalume ndi wa mabanja ena amene anawakhulupirira. Msewu wochoka kuchigwa ndi wafumbi ndiponso wokwera, wokhotakhota pakati pa miyala ndi timitengo touma. Tili pakati pa chitunda chachitali ndinamva fungo ngati la poto amene wapserera pamoto. Amalume nawonso analimva, ndipo anandifunsa ngati zonse zili bwino. Ndinayang'ana kamuvi. Kanali kali gone pansi monga kale, ndiye ndinawauza kuti mwina ndi kilachi chifukwa cha katundu. Tinayendabe pang'ono. Kenaka mphamvu inayamba kutha, m'injini munayamba kugogoda ngati munthu akukhoma chitsulo ndi hamala, nthunzi inatuluka m'mbali mwa boneti, ndipo galimoto inagwedezeka kawiri n'kuzima. Ndinadumpha kukaika miyala kumatayala kuti isabwerere m'mbuyo.

Tinadikira nthawi yaitali kuti izizire, nyenje zikulira m'tchire. Nditatsegula boneti ndinayamba ndi kusolola kachitsulo koyezera oyilo. Oyilo anali atasanduka ngati tiyi wamkaka, ndipo ndinadziwa kuti madzi alowa m'injini. Ndinapisa dzanja m'mbali, kumunsi kumene diso silifika msanga, ndipo zala zanga zinakhudza chinthu chokhakhala. Ndinapukuta ndi chiguduli. Panali mng'alu wautali ngati chala, womatidwa ndi phala lotuwa lija lomatira zitsulo, ndipo pamwamba pake panapakidwa oyilo wakale ndi fumbi kuti pafanane ndi pena paliponse. Phalalo linali litang'ambika pakati.

Ngakhale pamenepo mtima wanga unkafunabe kuwaikira kumbuyo ababa. Ndinkati mwina mng'aluwo ndi wakalekale, wa mwini wake woyamba. Ndiye ndinafufuza kawaya kamene kamachokera pa injini kupita ku kamuvi, ndikuganiza kuti kagwa ndi mabampu. Ndinakapeza kali kuseri kwa mawaya ena, katachotsedwa pamalo pake, katapindidwa bwinobwino, n'kumangidwa ndi kachingwe kodula ku chubu chakale. Mfundoyo ndinkaidziwa, yozungulira kawiri n'kubisa nsonga kunsi, chifukwa anandiphunzitsa ndi ababa omwe. Waya wogwa yekha sadzipinda, ndipo sadzimanga mfundo.

Ndinachotsa dzanja langa m'mawayamo. Ndinakumbukira kumwetulira kuja pamsewu wa ku Nsipe, ndi mmene analowera m'nyumba kuti atisiye awiri pansi pa mango, ndipo ndinazindikira kuti zonsezo zinali zokonzeratu. Amalume anali ataima kumbuyo kwanga, akudikira kuti amakanika anene. Ndikanatha kungoti injini yafa, basi, zinthu zakale zimatero. Koma ndinawaitana, ndinawaonetsa mng'alu, ndinawaonetsa kawaya ndi mfundo yake, n'kuwafotokozera ntchito ya chilichonse. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anavula chipewa, anapukuta thukuta, n'kuyang'ana matumba aja ali phwamwamwa kumbuyo.

"Iwe unkadziwa?" anandifunsa.

"Sindinkadziwa, malume. Ndinali ku chilangizo."

"Unati wadzionera wekha."

Sanakalipe, ndipo sanakweze mawu. Ndinayesa kufotokoza kuti chimene ndinaona ndi kamuvi, kuti ababa anandiuza za radiyeta, koma ngakhale m'makutu mwanga momwe zinkamveka ngati mwana amene wagwidwa akufuna pothawira. Amalume anangoti chabwino, n'kukakhala pamwala chapatali.

Mpunga uja sunafike ku boma. Masana kunadutsa lole ya ogula omwe aja amene amalume ankafuna kuwathawa, ndipo ataona kuti munthu wagwidwa pakhosi anatchula mtengo wolira. Amalume anagulitsa pomwepo, poti matumba a eni sakanagona pamsewu. Pikapu inabwerera kumudzi ikukokedwa ndi ng'ombe za munthu wina, amalume ali pachiwongolero, ine ndikuyenda pambuyo ndi mwala m'manja woti ndizitchingira tayala. Ana omwe aja amene anatithamangira tsiku loyamba anangoima m'mbali mwa njira n'kumationerera. Mawa lake azakhali anandiperekeza kokwerera matola, ndipo amalume anali atapita kale kumunda.

Ababa ndinawapeza pakhonde akupukuta masipanala. Atandiona ndafika tchuthi chisanathe, anadziwa. Sindinagwade, sindinapereke moni, zinthu zimene ndinali ndisanachitepo chibadwire.

"Ababa, kawaya kaja munamasula ndinu."

Sanakane. Anandiuza modekha, ngati akufotokoza za mvula, kuti ine ndili ku chilangizo paipi ya madzi inaphulika akuchokera ku Lizulu ndi kachewere wa eni. Popeza panalibe woyang'ana kamuvi, anazindikira mochedwa, injini itang'aluka kale. Kugula ina kukanatha ndalama zofanana ndi kugula galimoto. Anandifunsa kuti tikanadya chiyani, ndiponso kuti ku sekondale chaka chamawa ndikanapita ndi chiyani. Anati ankayembekezera kuti phalalo ligwira kwa miyezi ingapo, amalume apezeko kangachepe, kenaka zioneke ngati tsoka wamba. Ndinawafunsa kuti nanga ine bwanji sanandiuze.

"Ndikanakuuza, ukanatha kuwayang'ana amalume ako m'maso n'kunena kuti ili bwino?" anatero. "Sukanatha. Ndiye ndinakusiya kuti unene zoona zako. Iwe sunachimwe, mwana wanga. Tchimo ndi langa."

Ankaganiza kuti akunditonthoza. Kunena zoona, mawu amenewo anandipweteka kuposa mng'alu ndi kawaya komwe. Ndinazindikira kuti sanandisankhe chifukwa chodziwa galimoto ayi, koma chifukwa amalume ankandikhulupirira, ndipo ine ndinkakhulupirira iwo. Anayang'ana zida zonse zimene anali nazo pakhomo, n'kuona kuti chida chokhacho chimene chingamasule ndalama za mlamu wawo chinali mwana wawo. Ndinakwiya kwambiri, ukali umene sindinkadziwa kuti mwana angakhale nawo pa bambo ake, ndipo pansi pa ukaliwo panali manyazi a tsiku lija ndinayankha mutu uli m'mwamba.

Amayi atamva analira masiku angapo, ali pakati pa mwamuna ndi mlongo wawo. Ankhoswe a mbali zonse anakumana pakhomo pathu. Ababa anayankhula bwino monga mwa nthawi zonse, anati galimoto yakale ilibe chikole, anati alamu anaiona okha asanagule, n'kulonjeza kuti adzathandiza kupeza injini ina zinthu zikayenda. Ena mwa abale a amayi ankafuna kuti nkhaniyi ipite kubwalo, koma amalume anakana. Anati khoswe akakhala pamkhate sapheka, ndipo iwo sangaphwanye banja la mlongo wawo chifukwa cha chitsulo. Ine palibe anandiitana kuti ndinene mbali yanga, poti ndinali mwana. Umwana umenewo sanaukumbukire tsiku la malonda.

Injini ina ija sinabwere. Ababa anagula pikapu yokulirapo, ndipo ine sindinaikhudze ngakhale tsiku limodzi. Akandiitana kudzenje ndinkapeza ntchito kukhitchini, mpaka anayamba kuphunzitsa mng'ono wanga. Ku sekondale ndinapita, ndipo ndinkadziwa bwino kumene fizi yanga inachokera, moti yunifolomu yoyamba ija sindinaikondwerere. Kuchigwa, pikapu yoyera inakhala pakhomo pa amalume mpaka matayala anaphwa, nkhuku n'kumaikira mazira pampando. Amalume anabwerera ku khasu. Nyengo yolima ankabwereka ng'ombe kwa anthu amene kale ankabwera kudzabwereka kwa iwo, ndipo zinawatengera zaka zambiri kuti akhalenso ndi khola.

Udindo wawo pa ine sanausiye. Pa chinkhoswe changa analipo, paukwati analankhula, mwana wanga woyamba atabadwa anatumiza mpunga. Koma sanandiitanenso kuti ndikakhale nawo tchuthi, ndipo akamandionetsa kwa anthu ankati uyu ndi mwana wa aGama. Nthawi yoyamba imene ndinamva mawu amenewo ndinapita kuseri kwa nyumba kukalira. Zaka zonsezo ndinakhala ndi chinthu chimodzi chondilemera, choti amalume amaganiza kuti ndinapangana ndi ababa.

Ndinalimba mtima kuwafunsa ndili kale mayi wa ana atatu, ndikuphunzitsa pasukulu ina ku Ntcheu komweku. Ndinapita ku Kasinje nyengo imene mpunga umakhala ukucha, ndipo ndinawapeza kumunda atakhala pakansanja, akuingitsa mbalame ndi chingwe chomangirira zitini. Anali atakalamba, msana utapindika. Tinakamba za mvula, za matenda a azakhali, za ana. Kenaka ndinawauza kuti pali chimene chakhala chikundidya kuyambira ndili mtsikana, ndipo ndikufuna adziwe kuti za pikapu ija ine sindinkadziwa kanthu.

Anakoka chingwe, zitini zinalira, mbalame zinauluka n'kukateranso patsogolo pang'ono.

"Zimenezo ndinazidziwa tsiku lomwelo," anatero. "Wodziwa sakanakwera nawo pachitunda paja, ndipo sakanandionetsa waya."

Ndinawafunsa kuti nanga n'chifukwa chiyani ananditaya chotero.

"Sindinakutaye. Kungoti ndikakuona ndinkaona ng'ombe zanga. Ndinayesetsa, koma zinkakanika."

Ndinakhala nawo pakansanjapo mpaka dzuwa linapendeka, ndikuwathandiza kukoka chingwe. Ndinali nditabwera kudzadziyeretsa, n'kupeza kuti mlandu ndinalibe chiyambire, komanso kuti kusalakwa kwangako sikunandibwezere kalikonse. Tinasiyana bwino, anandipatsa mpunga wa ana, koma amalume amene ndinali nawo asanagule pikapu ija sindinawapezenso.

Lero ndili ndi kagalimoto kanga kakale, ndipo ndimakakonza ndekha pakhomo. Oyilo, mabuleki, mapulagi, zonsezi sindilipira munthu, ndipo aphunzitsi anzanga akamadandaula za kugalaja ndimadziwa kuti luso limeneli ndi chuma chimene ababa anandipatsa. Iwo akadali moyo, akusekabe ndi kuseketsa anthu, ndipo ndimawasamala monga mwana ayenera kuchitira. Za pikapu ija sanapepesepo, ndipo ine ndikaikumbukira mtima umawawabe. Chimene ndikumvetsa tsopano n'chakuti munthu atha kunama osatsegula pakamwa pake, pongobwereka pakamwa pa amene amamukhulupirira, ndipo bodza lotero limapweteka anthu awiri nthawi imodzi. Ababa ankaona ngati apulumutsa banja ku mtengo wa injini, koma anawononga chinthu chimene sichinali chawo, chimene chinali pakati pa ine ndi amalume. Ana anga nawonso amandigwirira sipanala ndi kundipopera mabuleki, ndipo ndimawaphunzitsa zonse zimene ndikudziwa. Koma tsiku limene ndidzagulitse kagalimotoka, wogula adzafunsa ine ndekha, ana ali m'nyumba.